Za Mankhwala Ogula Pamsika, a Anthu ndi a Ziweto

Kwa mafumu, akuru ndi abale onse a Bungwe lathu kuno kwa Kaomba.

Tikulemberani kuti mudzafike ku msonkhano mutalingalira kale mlandu uwu. Mudziwa nonse kuti fodya akayamba kugulidwa ku Chinkhoma ndalama zilowa m'midzi, ndipo pambuyo pa ndalama patsata anyamata a zikwama zodzala ndi makapisozi ndi mabotolo a jekeseni. Munthu agula makapisozi anai a cifuwa cace, nagulanso ena osungunulira nkhuku m'madzi, osafunsa dotolo kapena mlangizi wa ziweto. Ife titi mkhalidwe umenewu uleke, pakuti mphamvu ya mankhwala siiri ya munthu mmodzi ai. Iri monga citsime ca mudzi: akacibvundula mmodzi, onse amwa matope.

Cifukwa cace ndi ici. Mankhwala akamwedwa operewera, tizirombo tofoka tifa, koma tolimba titsala, tiswana, ndipo tifalikira kwa anansi tiri tosamvanso mankhwalawo. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin m'caka ca 1928, anacenjeza anthu za ngozi yomweyi m'caka ca 1945.

Dziko lathu laona kale zotere. Akuru akumbukira chloroquine, momwe anali kuciritsira malungo. Tizirombo tosamumva titacuruka, Malawi anamleka m'caka ca 1993, woyamba mwa maiko onse a Africa, natenga Fansidar. Iyenso anafoka, ndipo m'caka ca 2007 kunadza LA. Koma tamvani ici: madotolo atayesanso chloroquine ku Blantyre m'caka ca 2005, atapumula zaka 12, anaciritsa pafupifupi ana onse amene anamlandira. Sitinena kuti munthu abwerere kwa iye mwa yekha ai. Tingoti mtundu ukamvera lamulo limodzi ukhoza kupulumutsa mankhwala, ndipo ukacita yense zace uwaononga. Amene aleka LA tsiku laciwiri poona kuti thupi lazizira, nasungira mwana wotsalayo, abera mudzi wonse.

Kunena za ziweto, mlandu ndi womwewo. Citopa sicimva kapisozi. Cimene cicinjiriza nkhuku ndi katemera woperekedwa nthenda isanafike. Ng'ombe za kufupi ndi nkhalango ya Kasungu zilumidwa ndi kashembe, ndipo jekeseni wace ayesedwa molingana ndi kulemera kwa nyama, osati mwa kungoganiza. Ndiponso pa botolo palembedwa masiku oyenera kupita mkaka usanamwedwe kapena nyama isanadyedwe. Nanga mwini akabaya ng'ombe lero, naipha mawa poopa kutaya ndalama, ndani adya mankhwalawo? Si ana athu kodi? Tetracycline wa ng'ombe ndi wa anthu ndi a mtundu umodzi, ndipo tizirombo tozolowera m'khola tikhoza kufika m'nyumba.

Lamulo liripo. Boma linaliika m'caka ca 1988, nalikonzanso m'caka ca 2019 pokhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wogulitsa mankhwala ayenera kukhala ndi ciphaso, ndipo mankhwala ena saperekedwa popanda kalata ya dotolo.

Ena adzati, cipatala ciri kutali, nthawi zina mankhwala sapezeka, ndipo mlangizi wa ziweto saoneka kawiri kawiri. Mau awa ndi oona, sitiwakana. Koma kusowa kumeneku ndi cifukwa cakuti tidandaule kwa Boma ndi liu limodzi, si cifukwa cakuti tidzipereke kwa munthu wosadziwa kuwerenga za pa botolo limene agulitsa. Makolo anati safunsa anadya phula.

Tsono tipempha msonkhano ubvomereze zinthu zitatu. Coyamba, mbale ali yense wa Bungwe aleke kugula mankhwala kwa wopanda ciphaso, ndipo atsirize onse amene wapatsidwa ku cipatala. Caciwiri, mafumu aletse malonda amenewa m'misika ya m'midzi yao, ndi nyama ya ciweto cobayidwa masiku ace asanakwane. Cacitatu, tilembe kalata kwa Bwana DC yopempha alangizi a ziweto ena, ndi masiku odziwika a katemera wa nkhuku.

Bwerani nonse, ndi amai omwe, pakuti ndiwo adikira odwala usiku. Wakukhala ndi mau otsutsa adze nao, tidzamumvera.

Ndife anu m'nchito ya Bungwe,
Mlembi.