Mukamakangana za Jordan ndi LeBron, Bill Russell mwamuika pati?

Pa 7 Febuluwale 2023, LeBron James adapitirira mapointi 38,387 omwe Kareem Abdul-Jabbar adasiya m'mabuku a ligi ya NBA ku America, ndipo mkangano wakale udabukanso: kodi ngwazi ya basiketibolo yoposa onse ndi ndani? Kuyambira pamenepo okonda masewerowa agawikana pawiri. Ena ali kumbuyo kwa Michael Jordan, ena kwa LeBron, ndipo mbali zonse zimalankhula ngati kuti basiketibolo idayamba m'ma 1980. Ine maganizo anga ndi akuti mkanganowu umayambira pakati. Tikasankha muyeso umodzi n'kuugwiritsa ntchito mwachilungamo pa osewera onse, dzina lomwe limatsala pamwamba ndi la Bill Russell wa Boston Celtics, yemwe adasewera kuyambira 1956 mpaka 1969.

Tiyambe ndi muyeso. Anthu a Jordan amati chofunika ndi zikho, ndipo amawerenga: 1991, 1992, 1993, 1996, 1997 ndi 1998, zonse ndi Chicago Bulls. Ndikugwirizana nawo kuti masewero a timu amaseweredwa kuti timu ipambane. Koma ngati muyeso ndi umenewo, Russell adatenga zikho 11 m'zaka 13, ndipo 8 mwa zimenezo zidabwera motsatizana kuyambira 1959 mpaka 1966. Akauzidwa zimenezi, anthu a Jordan amasintha nyimbo n'kunena kuti munthu wawo sadagonjepo mufainolo. N'zoona, koma Jordan adasewera zaka 15, ndipo m'zaka 9 za zimenezo sadafike n'komwe mufainolo. Detroit Pistons idamutulutsa zaka zitatu zotsatizana, 1988, 1989 ndi 1990. Kutuluka msanga mumpikisano sikungakhale ulemu woposa kufika kumapeto n'kugonja. Russell adafika mufainolo ka 12 ndipo adagonja kamodzi kokha, mu 1958, pomwe adavulala mwendo polimbana ndi St. Louis Hawks. Anthu a LeBron nawo amaloza mulu wa mapointi, omwe adadutsa 40,000 mu 2024. Chiwerengerocho n'chodabwitsa, koma chimatiuza kwambiri za kutalika kwa zaka zomwe munthu wasewera ali wolimba thupi. Pamafainolo 10 omwe LeBron wasewera, wapambana 4. Ndipo mapointi akadakhala kuti ndiwo amagamula mlandu, bwenzi tikulankhula za Wilt Chamberlain, yemwe adagoletsa 100 pamasewero amodzi pa 2 Malichi 1962, koma adapuma ali ndi zikho ziwiri zokha.

Dandaulo loyamba lomwe anthu amapereka ndi loti Russell sankagoletsa. Pamasewero alionse ankapeza mapointi pafupifupi 15.1, theka chabe la 30.1 a Jordan. Koma masewerowa ali ndi mbali ziwiri, ndipo kuletsa pointi ya mdani kumalemera chimodzimodzi ndi kugoletsa yako. Ntchito ya Russell inali pansi pa golo lake. Ankawakha mipira yobwerera ikaphonya golo pafupifupi 22.5 pamasewero alionse. Mdani akaponya mpira, iye ankalumpha n'kuutchinga m'mwamba, koma osaumenya mwaukali kuti ukagwere kwa oonerera monga amachitira ofuna kuchemereredwa. Ankaukankha pang'ono kuti ugwere kwa mnzake, ndipo nthawi yomweyo Celtics imakhala itauyamba ulendo wa ku golo lina adani asadabwerere m'malo mwawo. Amene watchingidwa kamodzi ankayamba kuponya mwamantha masewero onse. Vuto ndi loti NBA idayamba kulemba chiwerengero cha mipira yotchingidwa mu 1973, Russell atapuma kale, motero luso lake lalikulu silioneka m'mabuku. Komabe pali mboni zomwe sitingazikane. Masiku amenewo mphotho ya wosewera wopambana onse pachaka ankavotera ndi osewera okhaokha. M'chaka cha 1961-62, Chamberlain adagoletsa mapointi 50.4 pamasewero alionse, ndipo Oscar Robertson adachita zomwe zinali zisadaonekepo pofika manambala awiri pa mapointi, mipira yowakha ndi mapasi othandiza kugoletsa. Koma anthu omwe ankalimbana ndi atatuwa pabwalo usiku ndi usiku adavotera Russell. Mphothoyi adailandira kasanu, chimodzimodzi Jordan, ndipo LeBron ali nayo kanayi.

Dandaulo lachiwiri ndi loti Russell adangopezeka pakati pa akatswiri, ndipo adapambana chifukwa cha Bob Cousy, Bill Sharman, Sam Jones, John Havlicek ndi mphunzitsi Red Auerbach. Mutu umodzi susenza denga, ndipo zimenezi zikukhudza aliyense. Jordan sadatenge chikho n'chimodzi chomwe popanda Scottie Pippen ndi mphunzitsi Phil Jackson, ndipo LeBron adakapeza chikho chake choyamba atasamukira ku Miami kukagwirizana ndi Dwyane Wade ndi Chris Bosh. Funso labwino n'lakuti: timu inali yotani munthuyo asadabwere, ndipo idakhala yotani atachoka? Celtics inali kale ndi Auerbach, Cousy ndi Sharman kwa zaka zingapo, inkagoletsa kwambiri, koma inali isadatengepo chikho. Russell adafika mu Disembala 1956 kuchokera ku mpikisano wa Olympics ku Melbourne, ndipo chikho choyamba chidabwera mu 1957. Cousy adapuma mu 1963, timu idapitiriza kupambana. Auerbach adasiya uphunzitsi mu 1966, Russell adatenga udindowo akusewerabe, kukhala mphunzitsi wamkulu woyamba wakuda mu NBA, ndipo adawonjezera zikho ziwiri mu 1968 ndi 1969. Pa osewera onse omwe adatenga chikho cha 1957, ndi iye yekha yemwe analipo pa cha 1969. Atapuma limodzi ndi Sam Jones, akatswiri aja adatsika mpaka kupambana masewero 34 okha mwa 82. Yerekezani ndi Bulls: Jordan atasiya koyamba mu 1993, timuyo idachoka pa zipambano 57 kufika pa 55.

Masewero otsiriza a Russell akuonetsa bwino zomwe ndikunena. Mu 1969 Celtics inali yokalamba, idamaliza pa nambala 4 m'chigawo chake, ndipo mufainolo idakumana ndi Los Angeles Lakers ya Chamberlain, Jerry West ndi Elgin Baylor. Matimuwa adafanana mphamvu, masewero atatu kwa atatu, ndipo achisanu ndi chiwiri ogamula adachitikira kwawo kwa Lakers. Mwini timuyo, Jack Kent Cooke, anali atakolekeratu mabaluni kudenga la bwalo kuti adzawamasule timu yake ikapambana. West adasewera ngati munthu wogwidwa mizimu, adagoletsa mapointi 42. Russell, ali ndi zaka 35, anali mphunzitsi komanso wosewera, ndipo Celtics idapambana 108 kwa 106. Mabaluni adatsala kudenga. Masewero ogamula achisanu ndi chiwiri otere Russell adawasewera ka 10 mu NBA ndipo sadagonjepo. Pa ena a mu 1962, polimbana ndi Lakers yomweyo, adagoletsa mapointi 30 ndi kuwakha mipira 40. Umenewo ndi umboni woti pofunika kugoletsa ankatha kutero. Mwayi umagwera munthu kamodzi kapena kawiri, osati ka 10.

Dandaulo lachitatu ndilo lolemera kwambiri, ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa. Kwa zaka zambiri za Russell ligi inali ndi matimu 8 kapena 9 okha, pomwe lero alipo 30. Timu yomwe yatsogola m'chigawo chake inkangofunika kugonjetsa matimu awiri kuti itenge chikho, pomwe lero ayenera kukhala anayi. Ndikuvomereza kuti njira inali yaifupi, ndipo zikho 11 za nthawi imeneyo sitingaziwerenge ngati 11 za lero. Koma kuchepa kwa matimu kuli ndi mbali inanso. Osewera abwino onse ankaunjikana m'matimu ochepa, kotero kunalibe masewero opumira, ndipo Russell ankakumana ndi Chamberlain mobwerezabwereza chaka chilichonse. Nthawi ya Jordan zinthu zidayenda mosiyana: pakati pa 1988 ndi 1995 ligi idakula kuchoka pa matimu 23 kufika pa 29, ndipo matimu atsopanowo adatenga zaka asadalimbe. Komanso njira yaifupiyo inali yotsegukira aliyense. Chamberlain, West, Baylor ndi Robertson ankasewera muligi yomweyo ya matimu ochepa. Nanga bwanji pa zaka zonse za Russell anayiwa adagawana chikho chimodzi chokha, chija Chamberlain adatenga ndi Philadelphia mu 1967? West adagonja kwa Celtics mufainolo kasanu ndi kamodzi. Robertson adadikira mpaka 1971, West mpaka 1972, Russell atachoka. Ngakhale titachotsa theka la zikho zake chifukwa cha kuchepa kwa matimu, zotsalazo zikuyandikirabe za Jordan ndipo zikuposa za LeBron.

Ena amati osewera a lero ndi amphamvu, aliwiro komanso aluso kuposa akale, ndipo Russell akadabwera lero sakadaoneka. Mbali ina ya mawuwa ndi yoona. Ligi ya lero imatola osewera padziko lonse. Hakeem Olajuwon wa ku Lagos adatsegula njira, ndipo kuyambira 2019 mphotho ya wosewera wopambana yapita kwa anthu obadwira kunja kwa America monga Giannis Antetokounmpo, Nikola Jokić ndi Joel Embiid wa ku Cameroon. Malamulo nawo adasintha. Mzere wa mapointi atatu udabwera mu 1979, ndipo lero wosewera wamtali amakakamizika kutuluka pansi pa golo kukalondera oponya patali. Koma muyeso umenewu uli ndi vuto lalikulu. Ngati wamkulu ndi yemwe angapambane masewero a lero, ndiye kuti m'badwo watsopano udzakhala ukupambana nthawi zonse, ndipo zaka 30 zikubwerazi ana adzamuseka LeBron monga momwe ena akumusekera Russell. Wosewera wa lero ali ndi madokotala ake, akatswiri a zakudya, makanema ophunzirira adani ndi ndege za timu. Russell analibe zambiri mwa zimenezi, ndipo adani ake analibenso. Munthu amayesedwa ndi omwe adakumana nawo, pamalamulo omwe analipo, ndi kutalika kwa mpata womwe adausiya pakati pa iye ndi anzake. Palibe yemwe adasiya mpata waukulu kwa nthawi yaitali ngati Russell.

Sindikunena izi pochepetsa awiriwo. Jordan adatsogola pa kugoletsa zaka 10, adasankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu 1988, ndipo Bulls yake ya 1995-96 idapambana masewero 72 mwa 82. Pa luso la munthu payekha, ndi mpira m'manja, sindikuona womuposa. LeBron adachita chozizwitsa mu 2016 pomwe timu yake ya Cleveland idatsalira mufainolo masewero atatu kwa amodzi n'kugubuduza Golden State Warriors yomwe idapambana masewero 73 chaka chimenecho. Koma chomwe chawaika awiriwa pakamwa pa aliyense si mpira wokha. Jordan adafika nthawi yomwe wailesi ya kanema inali kufalikira padziko lonse, nsapato za Nike zidanyamula dzina lake, mpikisano wa Olympics wa ku Barcelona mu 1992 udamuonetsa kwa anthu omwe anali asadaonerepo NBA, ndipo filimu ya The Last Dance idadzutsanso mbiri yake mu 2020. LeBron wasewera m'nthawi ya intaneti, pomwe chilichonse chomwe wachita chimafika pafoni nthawi yomweyo. Za Russell kudatsala zithunzi zochepa zosaoneka bwino, ndipo iye mwini sadali munthu wofuna kusangalatsa atolankhani. Adakhala m'dera lomwe anthu ena adamuthyolera nyumba n'kulemba mawu a tsankho pamakoma, ndipo mu 1961 iye ndi anzake akuda adakana kusewera ku Lexington, Kentucky, ena mwa iwo atakanizidwa kudya pamalo ena chifukwa cha khungu lawo. Zimenezi sizimuwonjezera mapointi pamkanganowu, koma zikufotokoza chifukwa chake mbiri yake sidagulitsidwe monga ya omwe adabwera pambuyo pake. Kutchuka kumatiuza yemwe adaonedwa ndi anthu ambiri, osati yemwe adachita zambiri.

NBA yomwe ikudziwa bwino za nkhaniyi. Kuyambira 2009, mphotho ya wosewera wopambana mufainolo imatchedwa dzina la Bill Russell, ndipo zonse zinayi zomwe LeBron adalandira zili ndi dzina limenelo. Russell atamwalira pa 31 Julayi 2022, ligi idalamula kuti nambala 6 yomwe iye ankavala isadzaperekedwenso kwa wosewera watsopano m'timu iliyonse, ulemu womwe inali isadaperekepo kwa wina aliyense. Amene akufuna kunena kuti Jordan ndiye wogoletsa woopsa kuposa onse anene, ndipo sindidzamutsutsa. Amene akufuna kunena kuti palibe yemwe wakhala pamwamba zaka zambiri ngati LeBron anenenso. Koma ngati funso ndi lakuti ndani adapangitsa timu yake kupambana kuposa wina aliyense, osasintha muyeso mkangano uli mkati. Werengani zikho, funsani omwe adasewera naye, yang'anani timu asadafike ndi atachoka. Yankho ndi Bill Russell, kenako Jordan, ndipo ena onse akambirane malo otsalawo.