Amene ali ndi Nyangu ndiye ali ndi ufumu

Sabata yatha ndinali kwathu cha ku Nsaru, komwe mpando wa nyakwawa uli wopanda munthu chimwalirireni amalume. Abambo asanu adakumana usiku kuseri kwa golosale n'kugwirizana dzina. Ntchembere zidangomva kutacha kuti mfumu yapezeka. Mayi anga aakulu, mlongo wawo wa malemuwo, adangofunsa kuti, "Kodi munthuyo adabadwa yekha?" Pano nkhani ili kwa agulupu.

Funso limenelo landikumbutsa Nyangu. Mu ufumu wa Maravi, umene likulu lake lidali ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, Kalonga ankalamula, koma mpando unkadzera mwa mkazi wa mfunda wa Phiri, mayi kapena mlongo wa mfumu, wotchedwa Nyangu. Pambali pake padali Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, wochokera kwa a Banda, amene mawu awo ankalemera posankha wolowa ufumu.

Mbiri ya makolo imati Kalonga wina atamwalira, nduna zidamulumpha m'bale wake Undi. Iye sadamenye nkhondo. Adangonyamuka ulendo wa ku Mano, dera limene lero lili ku Tete, atatenga Nyangu ndi mbumba yake. Otsala ku Mankhamba adatsala ndi mpando, koma kobadwira mafumu kudapita. Mpaka lero, kwa Gawa Undi ku Mkaika, komwe timapita ku Kulamba mwezi wa Ogasiti, dzina la Nyangu likadalipo.

Kuno ku Lilongwe tidali ndi Makewana ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama. Adalibe asilikali, komabe mafumu ankatumiza mphatso kwa iye popempha mvula.

Kunja zidali zina. Ku Constantinople, mfumukazi Irene idachita kuboolesa maso mwana wake Constantine VI m'chaka cha 797 kuti ilamule yokha, ndipo mu 802 nduna zake zomwe zidailanda mpando. Kumeneko mkazi ankachita kulanda mphamvu. Kwathu mwambo udampatsa kale.

Sindikunena kuti ntchembere sizilakwitsa. Nazonso zimakondera, ndaziona. Koma ndi zimene zidalera anyamata onse olimbirana mpandowo. Zikudziwa amene ankaba chimanga m'nkhokwe ali mwana, zikudziwanso amene amagona pamaliro mpaka kucha. Wosankhidwa kugolosale adzakumbukira amene adamugulira chakumwa, ndipo tsiku logawa dimba kapena kulemba mayina a makuponi, mudzaona komwe cholembera chikulowera.

Inu a ku Kabudula, Namitete, Mpingu ndi Nambuma, mpando ukatsala wopanda munthu, yambani mwafunsa kuti Nyangu wa pamudzi panu ndani, ndipo wanena chiyani. Ine Loweruka ndibwereranso kumudzi. Mayi aakulu andituma kuti ndikawanyamulire mkeka wawo kubwalo la agulupu, ndipo akuti akakhala kutsogolo.