Kafukufuku amene anapulumutsa chinangwa chathu: nanga wa mawa alipira ndani?

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Okotobala, sukulu za ukachenjede za ku America zimalemekeza akatswiri a sayansi amene makolo awo anachokera ku maiko olankhula Chisipanishi, monga Mexico, Colombia, Peru ndi Argentina. Kuno ku Makuzi ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja ku Chintheche, nyengo imeneyi imatipeza dzuwa likuswa mtengo, tikuyendera minda kuti tione mitengo ya chinangwa yoyenera kudzadula mbewu mvula ikayamba. Mlimi atha kufunsa kuti zikondwerero za ophunzira a kutali zikumukhudza bwanji. Zikumukhudza, chifukwa kondowole amene timadya lero anapulumutsidwa ndi ntchito imene inayambira kumeneko. Ndipo pano ndalama zoyendetsera ntchito zotere zayamba kuchepa.

Zimene zinachitika mu 1985

Ine ndinali ndisanabadwe, koma azigogo athu saiwala. Mu 1985 tizilombo ta kodikodi tinaoneka koyamba m'Malawi, ndipo tinayambira m'boma lathu lino la Nkhata Bay. Nsonga za chinangwa zinapiringizika, masamba anayoyoka, mitengo inapinimbira ndipo pansi panalibe chokumba. Chigwada chinasowa, mbewu yobzala nayo inasowa. Anthu amene sankadziwa njala chifukwa munda wa chinangwa unali nkhokwe yawo anayamba kudikira chakudya chogawa.

Kodikodi si wa kuno. Kwawo ndi ku South America, kumenenso kuli kwawo kwa chinangwa. Apwitikizi ndi amene anabweretsa chinangwa ku Africa zaka zoposa 400 zapitazo. Kodikodi anabwera mochedwa, atabisala pa mitengo ya mbewu, ndipo anaoneka koyamba mu 1973 kufupi ndi mizinda ya Kinshasa ndi Brazzaville. Anafika yekha, adani ake onse atatsala kwawo. N'chifukwa chake anaswana popanda womuletsa, mpaka m'minda ina zokolola zinatsika ndi magawo 80 pa 100 aliwonse.

Thandizo linachokera kuti?

Mu 1964, katswiri wa tizilombo wa pa sukulu ya ukachenjede ya La Plata ku Argentina, Luis De Santis, analemba za kamavu kena kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa kambewu ka mpunga, n'kukapatsa dzina loti lopezi. Pa nthawiyo panalibe amene ankadziwa kuti kamavu kameneka kadzagwira ntchito yanji. Inali ntchito yongotchula maina a tizilombo, imene ambiri akanati n'kutaya nthawi.

Patapita zaka, katswiri wina, Hans Herren wa bungwe la IITA ku Nigeria, anayamba kusaka mdani wa kodikodi. Mu 1981 Anthony Bellotti wa bungwe la CIAT la ku Colombia anapeza kodikodi m'minda ya ku Paraguay. Kumeneko kodikodi analipo, koma wochepa kwambiri moti alimi sankamuwerengera. Chimene chinkamuchepetsa chinali kamavu kaja.

Kamavu kakakazi kamaboola kodikodi n'kuikira dzira m'thupi mwake. Mphutsi ikaswa imadya kodikodi kuchokera m'kati, ndipo iye amauma n'kusanduka kachikwa kolimba kamene m'kati mwake mumatuluka kamavu kena. Akatswiri atatsimikiza kuti timavuti sitingaononge mbewu kapena tizilombo tina tothandiza, anatiswetsa tambiri ndi kutimwaza m'maiko a mu Africa. Kuno kwathu tinamwazidwa kodikodi atangooneka, ndipo patapita zaka zingapo chinangwa chinayamba kudzuka. Mu 1995 Herren analandira mphoto ya World Food Prize chifukwa cha ntchitoyi.

Taonani kutalika kwa chingwechi. Mphunzitsi wa ku Argentina, minda ya ku Paraguay, akatswiri a ku Colombia ndi ku Nigeria, akatswiri a unduna wathu wa zamalimidwe, kenaka munda wanu. Mlimi sanalipire ngakhale tambala imodzi, ndipo timavu timeneti tikugwirabe ntchito m'minda mwathu mpaka lero.

Nzeru za alimi nazonso zinalowa m'mabuku

Tisaganize kuti nzeru zimangochokera kunja. M'zaka za m'ma 1990, Linley Chiwona-Karltun, Jonathan Mkumbira ndi John Saka, amene ankaphunzitsa sayansi ku Chancellor College ndipo kenaka anatsogolera Mzuzu University, anachita kafukufuku ndi alimi a m'boma lino. Iwo ankafuna kudziwa chifukwa chimene alimi amakondera chinangwa chowawa pamene chili ndi poizoni. Alimi, makamaka amayi, anafotokoza kuti chinangwa chowawa sichibedwa wamba, anyani ndi nguluwe sizichikonda, chimabereka bwino, ndipo chikaviikidwa ndi kuyanikidwa bwino chimatulutsa ufa woyera wabwino. Kafukufukuyu anapezanso kuti alimi akalawa kansonga ka chinangwa amatha kudziwa kuchuluka kwa poizoni wake mofanana kwambiri ndi zimene zipangizo zoyezera zinaonetsa.

Phunziro lake n'lakuti mbewu yatsopano imene siganizira zofuna za mayi amene amaviika, kuyanika ndi kusinja, sipita patali. Mitundu monga Mkondezi, Sauti ndi Sagonja inatulutsidwa ndi nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zamalimidwe, ndipo malo a kafukufuku a Mkondezi ali m'boma lathu lomwe lino. Komabe alimi ambiri akusungabe mitundu ya makolo monga Gomani. Amenewa si makani ayi. Ndi uthenga umene akatswiri ayenera kuumva.

Chimene chasintha tsopano

Mu 2025 boma la America linatseka bungwe la USAID, ndipo ntchito zambiri za kafukufuku wa ulimi zimene sukulu za ukachenjede za kumeneko zinkachita limodzi ndi maiko a mu Africa, pansi pa ndondomeko ya Feed the Future, zinaima. Maiko ena olemera nawonso achepetsa thandizo lawo. Mabungwe monga IITA, CIAT ndi CIP, amene amagwira ntchito ndi akatswiri athu ku Chitedze ndi malo ena, amadalira kwambiri ndalama za thandizo. CIAT imasunga mitundu yoposa 5,000 ya chinangwa ku Palmira, ku Colombia. Nkhokwe imeneyo ndi imene akatswiri amatapamo akafuna mtundu wopirira ku matenda atsopano. CIP, imene likulu lake lili ku Lima, ku Peru, ndi imene inathandiza kufalitsa mbatata yofiira m'kati monga Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Chipika.

Pamene ndalama zikuchepa, mavuto sakudikira. Mbozi za ntchemberezandonda zimene zinavuta chimanga kuyambira nyengo ya 2016/17 nazonso zinachokera ku America. Khate la chinangwa lilipobe. Matenda oola chinangwa m'kati, amene amasiya mawanga ouma ofiirira mukachidula, amakonda madera otsika ndi otentha ngati kuno kunyanja. Amafala kudzera mu ntchentche zoyera komanso mbewu yodwala, ndipo mlimi amadzazindikira pokumba, chaka chathunthu chitapita.

Apa ndi pamene sukulu zathu za ukachenjede zikuyenera kuonetsa mphamvu zake. Tili ndi LUANAR ku Bunda, Mzuzu University pafupi pompa, University of Malawi ku Zomba ndi MUST ku Thyolo. Timamva pa wailesi za ophunzira amene alandira madigiri, za aphunzitsi amene akwezedwa ndi za mphoto zimene apata. Zimenezi n'zonyaditsa. Koma mlimi ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: Kodi kafukufukuyu akuyankha vuto liti la m'munda mwanga? Kodi zotsatira zake zindifika m'chilankhulo chimene ndimamva? Kodi mbewu yatsopanoyo ndikaipeza kuti, pa mtengo wanji?

Tinenenso mwachilungamo kuti katswiri sangafufuze popanda mafuta a galimoto, zipangizo ndi munda woyeserera. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la ndalama za ulimi m'dziko muno lakhala likupita ku feteleza wotsika mtengo wa chimanga. Feteleza ndi wofunika, koma amatha nyengo imodzi. Kamavu kaja kagwira ntchito zaka pafupifupi 40. Ena anganene kuti dziko losauka silingakwanitse kulipira kafukufuku amene phindu lake limachedwa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, popeza njala ya chaka chino sidikira. Koma amene anaona minda ya Nkhata Bay itauma amadziwa kuti kusowa yankho kumadula kuposa kulifufuza. Alimi a chinangwa akamakumana ndi makomiti a chitukuko a m'midzi, makhansala ndi aphungu, nkhani ya mbewu yabwino ndi kafukufuku wa chinangwa izikhala pa mndandanda.

Mbali ya mlimi wotsogolera

Kafukufuku amayamba ndi munthu amene waona chachilendo m'munda n'kunena msanga. Choncho m'nyengo ino, alimi otsogolera achite izi pamodzi ndi magulu awo:

1. Yenderani minda ya chinangwa kamodzi pa sabata. Kodikodi amachuluka nthawi ya chilimwe. Yang'anani nsonga zopiringizika ndi zoyera ngati thonje kunsi kwa masamba.

2. Musathamangire kupopera mankhwala pa chinangwa mukaona kodikodi. Mankhwala amapha timavu tija msanga kuposa kodikodi, amene amatetezedwa ndi phula la pathupi pake. Yambani mwaitana alangizi.

3. Phimbirani nthaka ndi zinyalala ndipo thirani manyowa. Kodikodi amaononga kwambiri chinangwa chofooka cha pa mchenga wopanda chonde.

4. Ikani chizindikiro pa mitengo yathanzi pano masamba akuonekabe, kuti mudzadulepo mbewu. Mukakumba phata n'kupeza chinangwa choola m'kati, musatengepo mbewu ngakhale mtengo ukuoneka bwino.

5. Dulani mbewu yotalika masentimita 25 mpaka 30 kuchokera pakati pa mtengo wokhwima. Chinangwa chikamera, zulani ndi kukwirira chilichonse choonetsa khate.

6. Musatenge mbewu kuchokera kutali popanda kudziwa munda umene yachokera. Kumbukirani kuti kodikodi anaoloka nyanja yamchere pa mtengo wa mbewu.

7. Lembani m'kope dzina la mtundu, tsiku lobzala, matenda amene munaona, zimene munakolola ndi maganizo a amayi pa ufa wake. Ophunzira kapena akatswiri akabwera kudzafunsa mafunso, aonetseni kopelo, ndipo apempheni kuti adzabwerenso kudzakuuzani zimene apeza.

Mukaona chizindikiro chimene simukuchidziwa, musazule munda wonse ndiponso musanyamule mitengo yodwalayo kupita nayo kumsika kapena kwa anansi. Jambulani chithunzi ngati muli ndi foni, kapena itanani mlangizi wa dera lanu kudzera ku ofesi ya zamalimidwe ya Chintheche. Iye adzatumiza uthengawo ku Mkondezi. Mutu umodzi susenza denga: akatswiri ali ndi zipangizo, koma maso amene ali m'munda tsiku ndi tsiku ndi anu.