ZA PAKHOMO NDI PAMUDZI: Mjigo Wotaya Madzi Usiku

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za mjigo, pakuti chilimwe chafika, zitsime za kudambo zayamba kuphwa, ndipo mudzi wonse ukuyang'ana pa chitsulo chimodzi chija.

Tsiku lina mbandakucha tidaima pa mjigo wa mudzi wina kufupi ndi Mayani. Mayi woyamba kufika adatula ndowa yake nayamba kupopa. Tidawerenga: adapopa ka 30 madzi asanaoneke. Pamenepo adafika bambo wosunga sipanala, chitini cha madzi a m'ngalande chili m'manja, nati, "Mjigowu uli ndi ludzu, nditsegule ndiumwetse." Tidawaletsa bambowo, ndipo chifukwa chake tikuuzani.

Mijigo yambiri ya kuno ndi ya mtundu wotchedwa Afridev. Ntchito yoipanga idayambira m'Malawi muno m'chaka cha 1981, ndipo kuyambira 1983 idapitirira ku Kenya. Amisiri ake adafuna mjigo woti eni mudzi aziukonza okha. Pansi penipeni pa mapaipi, m'madzi momwemo, muli zitsekero ziwiri za mphira. Chimodzi chimayenda ndi ndodo zachitsulo, kukwera ndi kutsika, ndicho chimakweza madzi. Chinacho chimakhala chete pansi, ntchito yake ndiyo kuletsa madzi kubwerera. Chikakhala cholimba, paipi imagona yodzala usiku wonse, ndipo m'mawa madzi amatuluka msanga. Koma mphira yake ikatha, madzi amatsika pang'onopang'ono anthu ali m'tulo, kotero kuti wofika poyamba ayenera kudzaza paipi yonse ndi mphamvu za msana wake asanaone dontho.

Tsono taonani kuopsa kwa chitini chija. Ilipo mipope ina ya zitsime zosazama imene imafuna kuthiramo madzi isanayambe kukoka, koma Afridev satero ai. Madzi othira pamwamba amatsata njira yomweyo yodontha, nakalowa m'chitsime chimene tonse timwamo. Simudaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino. Nanga tidzitengere tokha nthenda yotere ndi manja athu?

Mjigo sufa mwadzidzidzi. Umayamba wadandaula, ndipo wofuna kumva angathe kuuyesa motere. Popani kufikira madzi atuluke, muuleke mphindi 30, ndipo mupopenso mukuwerenga. Mukapitirira ka 5 madzi asanabwere, dziwani kuti pansi pakudontha. Chachiwiri, madzi ali kutuluka bwino, tcherani ndowa ya malita 20, mupope ka 40 pa mphindi imodzi, kukweza ndi kutsitsa chogwirira mpaka pomalizira. Mjigo wamoyo upatsa malita 15 kapena kuposa. Ndowa ikalephera kufika ngakhale pakati, mphira yokweza madzi yatha. Chachitatu, gwedezani chogwirira cham'mbali. Chikamagwedera ndi kulira, mabushi adyeka. Musathiremo girizi kapena mafuta a galimoto, chifukwa mabushiwo ndi apulasitiki, opangidwa kuti aziyenda ouma. Mafuta amangoitana fumbi, ndipo ena amadonthera m'madzi. Mankhwala ake ndi kuika atsopano.

Ntchito yosintha mphira si yoopsa. Ndodo zachitsulo, iliyonse yotalika mamita 3, pa mijigo yambiri zimangokolekana, ndipo anthu ochepa, amuna ndi akazi omwe, amazikoka ndi manja popanda kuzula mapaipi. Koma sambani m'manja poyamba, ndipo ndodozo muzigoneke pa mitengo yoyera, osati pa dothi pamene padutsa nkhumba ndi nkhuku. Chitsekero cha pansi chimavuulidwa ndi mbedza yake imene komiti ya mjigo iyenera kusunga pamodzi ndi sipanala. Mukatha, pemphani alangizi a zaumoyo akuthandizeni ndi klorini. Mphira zonse zikakhala zatsopano koma madzi natsikabe, kapena paipi yang'aluka. Pamenepo itanani mmisiri wa mijigo wa dera lanu, musayese nokha. Paja safunsa adadya phula.

Timphira timeneti ndi mabushi ndi zoyenera kusintha chaka ndi chaka, zisanatheretu. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa mapaipi ndi ndodo zimene zimaonongeka tikazengereza. Chovuta si mtengo, koma kuti tsiku la tsoka thumba la mjigo limapezeka lopanda kanthu. Inu a mfumu ndi a komiti, sonkhetsani ndalama pa nyengo imene anthu agulitsa kachewere ndi nyemba, osati m'Januwale pamene nkhokwe zapepuka. Lembani m'buku dzina la wopereka aliyense, muwerenge poyera pabwalo, mugule zipangizo zikhale m'nyumba. Mutu umodzi susenza denga, koma anthu sasonkha kawiri pamene sadaone kumene ndalama zoyamba zidapita.

Inu makolo, langizani ana asamapope modukizadukiza ndi kumenyetsa chogwirira, ndiponso asamachite katungwe pamenepo. Inu abambo, amene ambiri a inu simudziwa kulemera kwa ndowa ya kudambo, mverani amayi akanena kuti mjigo wayamba kuchedwa, pakuti iwo ndiwo amaumva poyamba.

Mawa lomwe tumani munthu mmodzi akaime pa mjigo kusanache, awerenge kupopa kwa mayi woyamba, ndipo chiwerengerocho akachinene kwa a komiti.