Tikatsika m'phiri timasiyamo chiyani?

Sabata masana, tikatha kudya nkhomaliro, ambiri a ife sitikonda kukhala m'nyumba. Ena timakwera phiri la Kasungu, lija limayamba kuonekera patali munthu akamabwera pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe. Nthawi ya tchuthi a Pathfinder ndi achinyamata a mpingo timasonkha ya galimoto n'kukagona kunkhalango ya Kasungu National Park, pafupi ndi damu la Lifupa. Chizolowezichi n'chabwino, ndipo palibe akunena kuti tichisiye. Koma aliyense amene anakwerapo phiri gulu la opemphera litangotsikamo akudziwa zomwe amapezamo: majumbo okodwa m'zitsamba, mabotolo a Sobo, phulusa la moto wosazimitsa bwino, ndi mayina a makwaya olembedwa ndi penti pamiyala, chaka chake pambali.

Si ife tokha timachita zimenezi, popeza mipingo yambiri imapemphera m'mapiri. Koma kwa ife nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa ena. Timasunga Sabata ngati chikumbutso cha chilengedwe, ndipo uthenga wa mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14, umene timaulalikira pamsonkhano uliwonse wa misasa, umaitana anthu kulambira Mlengi, mpaka kutchula akasupe a madzi. Ndiye zimamveka bwanji kuimba za Mlengiyo pamwamba pa thanthwe, kenako n'kukankhira zinyalala m'mng'alu wa thanthwe lomwelo?

Gwero la vutoli ndi mawu amene tinawazolowera: "ndi za boma." Chinthu chikangotchedwa cha boma timachiyesa chopanda mwini. Pampopi wa pamudzi sitingataye jumbo chifukwa amayi a komiti atiyitanitsa. M'phiri mulibe komiti yotiona, choncho timatayirira. Komabe malo amenewa eni ake alipo, ndipo ena mwa iwo amawalipirira mtengo wowawa.

Nkhalango ya Kasungu inakhala paki mu 1970, ndipo ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, yoposedwa ndi Nyika yokha. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000. Pofika mu 2015 opha nyama mozemba anali atazitha mpaka kutsala pafupifupi 50. Mu 2022 boma, mothandizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, linasamutsira kuno njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Ife tikaziona ku Lifupa timajambula pafoni n'kutumiza pa WhatsApp. Anthu a m'midzi ya m'malire, mbali ya kuno ndi ya ku Zambia, amaziona usiku m'minda mwawo, ndipo mabanja ena aika maliro chifukwa cha njovu zomwezo. Munthu amene chimanga chake chapondedwa ndi nyama zimene akuuzidwa kuti azisunge, akaona alendo ovala mayunifolomu a mpingo akusiya nyansi m'nkhalango yomweyo, tikuganiza kuti amati chiyani mumtima mwake?

Choopsa kwambiri ndi moto. Chaka china mu Okutobala gulu lathu linakagona m'tchire, ndipo m'mawa titaotcha mbatata tinangokwirira makala ndi dothi pang'ono n'kunyamuka. Tisanafike patali, mnzathu wina anacheuka n'kuona utsi. Tinathamanga kubwerera, n'kuzimitsa ndi nthambi zaziwisi ndi madzi athu akumwa. Panapsa malo ngati bwalo la netibolo basi, chifukwa mphepo inali isanadzuke. Tinaseka pobwerera, koma kunalibe chosekera.

Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, umangolambula pansi n'kuzima wokha madzulo. N'chifukwa chake osamalira nkhalango amatentha dala nthawi imeneyo. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ndi wina. Udzu wauma gwa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo malawi amakwera n'kupha timitengo ta mombo ndi msuku tomwe tikadadzakhala nkhalango ya mawa. Umapsereza masamba anthete amene matondo amadya, ndipo matondowo ndi ndiwo komanso ndalama kwa mabanja ozungulira paki, amene amaloledwa kukawatola nyengo yake ikakwana. Umatenthanso ming'oma ya njuchi. Khala limodzi losiyidwa ndi anthu opemphera likhoza kudya zonsezi tsiku limodzi.

Tikudziwa yankho limene anzathu ena amapereka. Amati, kodi botolo langa limodzi n'chiyani poyerekeza ndi mitengo imene fodya wadya m'chigawo chino? Zoonadi, kuyambira nthawi ya maesiteti, fodya wa fuluu wakhala akumeza nkhuni zochuluka poumitsa, ndipo zigafa za bale zimafuna milimo ndi mapaso chaka ndi chaka. Oyenda pa msewu wa ku Mchinji kapena wa ku Nkhotakota amadzionera okha mmene dziko layerera. Ndipo ife Aadiventi, amene sitisuta, timafulumira kuloza chala alimi a fodya (ngakhale enafe, tisabisane, fizi yathu imachokera ku okushoni komweko). Koma kuyera kwa chigwa ndiko kukupangitsa kuti timapiri ndi nkhalango zotsalazi zikhale zamtengo wapatali. Mlimi amadula mtengo kuti ana ake adye. Ife timawononga tili pa ulendo wosangalala, popanda chotikakamiza chilichonse.

Pali chinanso chimene sitichiganizira konse: njira. Potsika phiri anyamata amakonda kudula njira, kutsetsereka molunjika m'malo motsata kanjira kokhotakhota. Anthu 40 akadutsa pamodzimodzi udzu umafa, ndipo mvula yoyamba ikagwa madzi amatsata mapazi athu, kukumba kamkwasa komwe pakatha zaka zingapo kamasanduka chigwembe. M'paki, kupatuka panjira n'kuika moyo pachiswe. Muli njati ndi njovu za ana, komanso misampha ya waya. Lamulo loti woyenda pansi akhale ndi mlonda wa paki si lofuna kutidyera ndalama. Mlondayo amawerenga mapazi ndi mphepo zimene ife sitiziona. Za penti pamiyala sitichulutsa mawu. M'nkhalango muli matanthwe okhala ndi zojambula za anthu akale kwambiri, ndipo dzina la kwaya likalembedwa pamenepo silifufutika popanda kufufuta zakalezo.

Pempho lathu kwa atsogoleri a magulu ndi laling'ono. Pokonza ulendo timasankha wolalikira, woyambitsa nyimbo ndi wosunga chuma. Tisankhenso munthu mmodzi wotsalira kumbuyo, wonyamula thumba lopanda kanthu, amene sachoka pamalo mpaka jumbo lomaliza litalowa m'thumbamo ndipo phulusa walithira madzi n'kuligwira ndi dzanja. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, tinyamule chakudya chophikiratu kunyumba, monga timachitira kale pa Sabata, machesi atsale. Ngati phiri lili m'dera la mfumu, tikapereke moni kwa a mfumu tisanakwere, n'kufunsa malo amene sitiyenera kupondapo. Ndipo amene ali ndi chitini cha penti akapake nacho chikwangwani cha tchalitchi, chomwe m'mipingo yathu yambiri chinafufutika kalekale.