Mfuti sinakhalepo choseweretsa kuno ku Mchinji

Mafoni akutionetsa zambiri masiku ano. Zina mwa zimene zagwira mtima anyamata ena pa Boma pano ndi mavidiyo a anthu a ku America amene amakonda mfuti monga ena kuno amakondera nkhunda zawo. Munthu amayala tizitsulo patebulo, kalikonse pamalo pake, n'kuyamba kulumikiza. Lero wasintha mpope, mawa wagula kagalasi koonera patali, mkuja wapaka utoto wa mtundu wa dothi. Likakwana Loweruka amanyamuka ulendo wa kubwalo lowomberako, kukalasa mapepala olembedwa mizere yozungulira, ndipo madzulo amabwerera kunyumba kukaipukuta ndi kuidzoza mafuta. Kwa iye zimenezi ndi zongotayitsa nthawi kumapeto kwa sabata.

Mfuti imene imaoneka kwambiri m'mavidiyo amenewa ndi AR-15. Anaikonza ndi Eugene Stoner ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1959 kampani ya Colt inagula umwini wake. Imene amagulitsa kwa anthu wamba ndi ya mtundu wotchedwa semi-automatic. Ukakoka kamodzi imatulutsa chipolopolo chimodzi, koma nthawi yomweyo imadzilowetsera yokha china, moti chala chikhoza kumangokoka mpaka zipolopolo 30 za m'kabokosi kake zitatha. Okonda zitsulo amaifera chifukwa ziwalo zake zimachotsedwa ndi kusinthidwa mosavuta. Kwawoko malamulo aakulu a dziko akhala akuteteza ufulu wokhala ndi mfuti kuyambira mu 1791, ndipo bungwe la Small Arms Survey linapeza kuti mu 2017 anthu wamba ku America anali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kuposa chiwerengero cha anthu onse a m'dzikolo.

Amene anandionetsa vidiyo yotere ndi mnyamata wina wowotcherera zitsulo chakufupi ndi msika. Ndinapita kukafunsa mtengo wa mafelemu a mawindo. Ndinamupeza atakweza magalasi akuda pachipumi, manja ali bii, foni yong'aluka galasi ili m'dzanja, geti imene amalumikiza ili chigonere pansi.

"Ankolo, taonani izi," anatero. "Chitsulo ichi chikulowa mwa chinzake osasiya ndi kampata komwe. Ife tikanakhala ndi makina otere kuno, bwenzi tili patali."

Ndinayang'ana nkhope yake. Mwanayu sanali kusirira kupha ayi. Anali kusirira ntchito yosalala, muyezo wosaphonya, chinthu chimene mmisiri aliyense amachilakalaka. Ludzu limenelo ndimalilemekeza, ndipo ndikanakonda likanakhala mwa ana athu onse. Ndivomerezenso kuti ambiri mwa anthu a m'mavidiyowo sadzapweteka munthu moyo wawo wonse, adzakalamba akuboola mapepala basi. Komabe ndikunena mosapsatira kuti masewera amenewa asafike kwathu kuno, ndipo zifukwa zake siziri kutali. Zili m'mbiri ya dera lathu lomweli.

Boma lino linabadwa ndi mfuti. Achikulire akukumbukira kuti dzina lake lakale linali Fort Manning, potengera msilikali wa ku Britain, William Manning, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Mu Januwale 1898 asilikali a atsamunda anathira nkhondo Angoni a Mpezeni kutsidyaku. Angoni anadza ndi nthungo, zibonga ndi zishango, anzawowo anadza ndi mizinga ndi mfuti za Maxim zolavula zipolopolo mosalekeza. Nkhondo sinachedwe. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa. Fort Manning kuno ndi Fort Jameson uko, yomwe lero ndi Chipata, anali malinga oyang'anira anthu ogonjetsedwa. Tikamapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale, kapena tikamaona ngoma ikuvinidwa kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, tizikumbukira kuti makolo a anthu amenewa analawa chimene mfuti yothamanga imachita.

Mfuti imene mudzi unaizolowera ndi gogodera. Inalowa kuno m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, Achikunda ochokera ku Zambezi ndi ena ochokera kunyanja ya mchere, ndipo osula zitsulo athu sanachedwe kuphunzira kuikonza ikawonongeka. Ndili mwana, agogo ena oyandikana nafe anali nayo. Inkakhala kudenga, yokutidwa m'chiguduli, ndipo mwana sankayerekeza ngakhale kuiloza. Nguluwe zikavuta m'munda wa chinangwa ndiye ankaitsitsa. Ankathira onga cha kukamwa kwake, n'kutsendera pang'onopang'ono ndi kamtengo, milomo ili yotseka, maso ali pantchitoyo. Inkalira kamodzi kokha, utsi n'kuti tolo, ndipo ukaphonya unkayenera kudziwa mtengo wokwera. Kuchedwa kumeneko kunali ndi ubwino wake umene sitinkauona: munthu wokwiya ankakhala ndi nthawi yoti mtima utsike asanamalize kutsendera. Komabe ngakhale gogodera yomweyo sinali yachifundo. M'midzi yathu alipo achikulire opanda zala chifukwa mpope unawaphulikira m'manja.

Kenako kunabwera AK-47. Nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno. Nkhondo itatha, anthu anabwerera kwawo, koma mfuti zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za asilikali. Zinayenda usiku m'matumba a chimanga ndi a makala, kudutsa m'tinjira tosalondedwa. Kwathu komwe kuno, mu Disembala 1993, asilikali analanda zida za Apayoniya pa Operation Bwezani, ena mwa iwo n'kuthawira ku Mozambique. Amene anali akuluakulu m'zaka zotsatira akukumbukira momwe umbava wa mfuti unakulira, eni magolosale akugona tulo ta mantha. Boma lathu limagundana ndi Zambia kumadzulo ndi Mozambique kummwera. Chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinatsegulidwa mu Disembala 2022, n'chokongola ndipo chili ndi oyang'anira, koma tonse tikudziwa kuti malire athu ambiri ndi munda wa mtedza umene mzere uno uli ku Malawi, winawo ku Zambia. Wanjinga amawoloka m'mawa n'kubwerera madzulo osaonana ndi wa yunifolomu.

Nyama nazo zili ndi umboni wake. Nkhalango ya Kasungu, kumpoto kwathuku, inali ndi njovu zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970. Pofika mu 2015 zinatsala pafupifupi 50. Zinatha ndi mfuti, zina za gogodera, zina zankhondo. Mu 2017 lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mpaka chilango chofika zaka 30 kundende, ndipo mu 2022 njovu 263 anachita kuzinyamula pamalole kuchokera ku Liwonde kuti nkhalangoyo ikhalenso ndi moyo.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndipo sindikuwapeputsa. Wogula soya ndi mtedza amene amayenda ndi ndalama zambiri pa Kamwendo kapena ku Kapiri nyengo yokolola ali ndi mantha enieni. Mlimi amene anadzuka m'mawa n'kupeza khola lili pululu ali ndi mkwiyo womveka. Amafunsa kuti, ngati mbava zili ndi mfuti, bwanji ife tisakhale nazo? Lamulo silinatseke khomo lonse. Munthu amene ali ndi chifukwa chomveka akhoza kupempha chiphaso kupolisi, iwo n'kumufufuza, ndipo alipo eni minda ndi amalonda amene ali nazo mwa njira imeneyi. Koma kusunga mfuti imodzi yolembetsedwa, yotsekeredwa m'bokosi, n'kosiyana kutalitali ndi kusandutsa mfuti yothamanga kukhala chinthu chonyadira, chogulira tizida tatsopano mwezi ndi mwezi, chojambulitsa nacho zithunzi za pa Facebook.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndife eni ake. Tili ndi mtima wachangu pagulu. Mu 2017 mphekesera chabe za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera. Agogo athu akupitirira kumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti. Woganiziridwa kuba njinga yamoto amatenthedwa asanafunsidwe dzina. Milandu ya malire a munda imathera pachipatala, achibale atatemana ndi zikwanje. Zonsezi tikuchita ndi miyala, zibonga ndi petulo. Wa chikwanje amatopa, amagwidwa mkono ndi anzake, wothamangitsidwayo nthawi zina amapulumuka. Tsono m'manja omwewo ikanimo chida chotulutsa zipolopolo 30 munthu asanapume kawiri, pa maliro pamene anthu akulozana zala, kapena pa bala usiku wa tsiku lolandira ndalama za fodya.

Ngakhale eni masewerawa akulira nawo. Pa 14 Disembala 2012, pa sukulu ya Sandy Hook, mnyamata wina anapha ana 20 ndi akuluakulu 6 ndi mfuti ya mtundu womwewu. Pa 24 Meyi 2022, ku Uvalde m'chigawo cha Texas, wina wa zaka 18 anapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri, ndipo mfutiyo anaigula mololedwa ndi lamulo atangokwanitsa zakazo. Australia itataya anthu 35 ku Port Arthur mu 1996 inaletsa mfuti zotere n'kugula zikwi mazanamazana kuchokera kwa eni ake kuti iziphwanye. New Zealand inachitanso chimodzimodzi anthu 51 ataphedwa m'mizikiti ya ku Christchurch mu 2019. Maikowa anaphunzira ataika maliro. Ife tili ndi mwayi wophunzira tisanafike pamenepo.

Lamulo lathu la mfuti maziko ake ndi a mu 1967, nthawi imene kunalibe intaneti yophunzitsa munthu zinthu ali kuchipinda kwake. Mu 2001 maiko a SADC anasainirana pangano lothana ndi kufala kwa mfuti, ndipo anasainira mu mzinda wathu wa Blantyre. Aphungu athu, makamaka a m'maboma a m'malire ngati lino, ndiwo ayenera kukhala patsogolo kufunsa ngati lamuloli likukwanirabe lero. Ndipo mnyamata wa luso ngati wowotcherera uja asasiyidwe kumangosirira pafoni. A TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja amupezere makina osema zitsulo ndi mphunzitsi wodziwa muyezo. Dera la mtedza ngati lino likusowa makina oswera mtedza olimba, oyengera mafuta, mapampu othirira m'madimba a mu Bua ndi Rusa, ngolo zosathyoka ekiselo. Zonsezi zimafuna muyezo wosaphonya womwe uja, ndipo zili ndi ogula.

Anzathu a ku Mozambique anationetsa njira ina. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga, malata ndi makina osokera, popanda kufunsa mafunso. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri anawotcherera zidutswa zake kukhala zosema, zina mwa izo zili ku British Museum ku London. Kuno kwathu mfuti zilipo m'madenga ndi pansi pa nkhokwe, zina zosiyidwa ndi malemu, ndipo amasiye amaopa kupita nazo kupolisi kuti angawatsekere. Ndikupempha boma, apolisi, mafumu ndi mipingo ya m'boma lino kuti agwirizane nyengo yachikhululukiro, ailengeze pa wayilesi ndi m'misonkhano ya m'midzi, kuti aliyense wosunga mfuti yopanda chiphaso akaipereke kudzera kwa amfumu ake mopanda mantha. Ndipo inu amisiri a pa Boma, ku Mkanda ndi kwa Kamwendo, wina akabwera ndi mpope kuti mumukonzere mwakachetechete, mukaneni, ngakhale atatchula ndalama zingati.