Mwana Wathu wa ku Chisenga Sanamalize Sukulu

Masiku ano sabata siitha tisanaone chilengezo, m'nyuzipepala kapena pa WhatsApp, choitana anthu amene ali kale pantchito kuti akachite digiri yachiwiri, ija ambiri amaitcha masitazi. Maphunziro amene akulengezedwa kwambiri ndi a luso la makompyuta ndi a utsogoleri, ndipo mawu okopera ndi amodzimodzi paliponse: simufunika kusiya ntchito, phunzirani muli pomwe mulipo. Ife tikufuna kuwayesa mawu amenewa pamalo amodzi okha, ku Chisenga m'boma la Chitipa. Lonjezo la "pomwe mulipo" likalephera kumeneko, ndiye kuti analembera anthu a ku Area 47 ndi a ku Namiwawa basi.

Ambiri a ife a m'mbali mwa nyanja dzina la Chisenga timangolimva pawailesi. Malowa ali m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, m'malire a dziko lino ndi Zambia, mapiri omwe mtsinje wa Luangwa umayambira. Munthu wochokera ku Mangochi amadutsa Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kukwera ku Mzuzu, kutsika pa Chiweta mpaka ku Karonga, n'kuyendanso makilomita 101 kuti afike pa boma la Chitipa. Akatero ulendo sunathe, watsala msewu wolowera ku Nthalire, umene anthu a kumeneko akhala akuulirira zaka zambiri kuti uikidwe tala. Wina afunsa kuti nanga ife zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa boma potumiza antchito ake silifunsa kuti kwanu n'kuti. Ku Chisenga kuli chipata cha m'malire, kuli chipatala chaching'ono, kuli sukulu, kuli alangizi a zaulimi, ndipo mwana wobadwira ku Namwera kapena ku Chipoka akhoza kupezeka pa iliyonse ya ntchito zimenezi. Komanso amene anayendapo msewu wa ku Makanjira m'dzinja sasowa womufotokozera kuti Chisenga n'chiyani. Tili naye Chisenga wathu kuno.

Taonani zimene wantchito wa kumalo otere wagwira m'manja. Wa zaumoyo amatumiza chiwerengero cha odwala kudzera m'makina a DHIS2, amene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito m'dziko lonse. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, ntchito zambiri za boma zimadalira kachiphaso kamodzi kaja. Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, mlimi ankayenera kuti chiphaso chake chiwerengedwe ndi foni asanalandire thumba la feteleza, ndipo tonse tikukumbukira azimayi akugona pamzere chifukwa netiweki yakana. Amene anaima kutsogolo kwa mzerewo n'kumalandira mkwiyo wa anthu sanali amene anakonza makinawo. Anali kalaliki ndi mlangizi wa kumudzi. Iwowa ndiwo akudziwa bwino ola limene netiweki imathawa, mwezi umene galimoto silifika, ndi mkulu amene chiphaso chake chinatha ntchito iye osadziwa. Koma pamene akukambirana zokonza makina atsopano ku Capital Hill, pampando pamakhala munthu wa digiri yachiwiri, ndipo digiri imeneyo inaikidwa pamalo pamene wa ku Chisenga sangafikepo. Amene akudziwa pomwe denga likudontha sakuloledwa kukwera padenga.

Sitikunena zongopeka. Yunivesite ya Malawi ili ku Zomba, MUBAS ili ku Blantyre, MUST, imene inatsegulidwa mu 2014 ndi cholinga chenicheni cha sayansi ndi luso lamakono, ili ku Thyolo, kumapeto ena a dziko. Maphunziro ambiri a anthu apantchito amachitika Loweruka ndi Lamlungu, kapena amaitana ophunzira kuti adzakhale pasukulu sabata zingapo motsatizana. Kuchokera ku Chisenga kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 700. Munthu angaweruke Lachisanu, n'kukhala m'kalasi Loweruka m'mawa, n'kupezekanso pantchito Lolemba? Yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kulandira ophunzira mu 1999, inayesetsa potsegula malo a maphunziro akutali ku Karonga, ndipo tikuyamika. Koma chimene chinatheka pa digiri yoyamba chikuyenera kufikanso pa yachiwiri. Za pa intaneti nazo zili ndi msampha wake. Mphunzitsi amene amaumirira kuti onse akhale pa Zoom nthawi ya 6 koloko madzulo wachotsa kale aliyense wodalira kasola kamodzi ndi netiweki ya pachulu. Sukulu zakunja zimalipiritsa m'madola, ndipo mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, malipiro a wophunzira ali pomwepo. Zofunika sizovuta kuzitchula: maphunziro ojambuliratu oti munthu atsitse pamene netiweki yalola, zolemba zosalemera pafoni, ndi malo olembera mayeso pa boma lililonse. Sukulu imene sichita zimenezi ileke kulemba mawu oti "pomwe mulipo."

Komabe mlandu waukulu sitikuupereka kwa mayunivesite. Tikuupereka kwa mawu amene amamveka m'makomo mwathu mwana akangotchula zobwerera kusukulu: "Ntchito wapeza, ukufunanso chiyani?" Malipiro a mwana wa ku Chisenga amagawidwa mwezi usanathe. Ena a ukonde, ena a malata, ena a chinkhoswe cha msuweni, ena a sadaka ya malemu amene anatisiya kalekale. Palibe amene akutsutsa udindo wa mwana kwa makolo ake, ndipo ife amene timaphunzitsa ana kumadrasa ndife oyamba kuukumbutsa. Koma pali kusiyana pakati pa kudyetsa mayi ndi kudyetsa mudzi wonse wa anthu amphamvu zawo. Banja limene lingapirire zaka ziwiri, n'kumuuza mwana kuti za fizi usazikhudze, limapeza munthu wokhoza kusenza katundu wolemera kuposa poyamba. Banja limene likana limamusiya pa giredi yomweyo mpaka imvi, akulamulidwa ndi achinyamata amene iye anawaphunzitsa ntchito.

Ena amabisala kumbuyo kwa chipembedzo, amati awa ndi maphunziro a dziko lapansi. Mawu amenewa sakuyenera kutuluka pakamwa pa munthu wodziwa mbiri. Zayd ibn Thabit, mlembi wa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Mulungu zikhale pa iye, anatumidwa kukaphunzira malembedwe a Ayuda kuti makalata a ulamuliro asamadalire womasulira wachilendo. Ameneyo anali munthu wowonjezera maphunziro, ndipo chifukwa chake chinali chitetezo cha anthu. Chifukwa chomwecho chilipo lero. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lino linaleka kusindikiza mapasipoti kwa masabata ambiri, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko analowereredwa ndi akuba a pa intaneti. Odwala ofuna kukalandira chithandizo kunja, amalonda ndi ofuna kupita ku Umrah onse anaima pamzere umodzi. Dziko limene lilibe ana ake odziwa kusunga makiyi a makina ake limakhala m'nyumba ya lendi.

Agogo athu anapewa sukulu za amishoni poopa kuti ana akabatizidwa, ndipo mantha awo anali ndi maziko. Nthawi yomweyo, ku Khondowe, Robert Laws anatsegula sukulu ya Livingstonia mu 1894, ndipo chigawo cha kumpoto chinadzaza maofesi a dziko lino ndi a maiko oyandikana nafe kwa mibadwo. Mpata umenewo tikuulipirabe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, ndipo pamisonkhano yathu sipalephera kuimirira munthu wodandaula kuti m'mabodi a makampani a boma ndi m'maudindo akuluakulu sitikuonekamo. Dandaulo limeneli likhoza kukhala loona. Koma pamene alengeza udindo n'kulemba kuti wofunsira akhale ndi masitazi, timatumiza mayina angati? Lero palibe amene akubatiza munthu pa kalasi ya makompyuta. Chowiringula cha agogo chinatha, ndipo amene akuchigwiritsabe ntchito akubwereka mantha a anthu ena.

Pali mfundo imodzi ya otitsutsa imene ili ndi mano, ndipo sitiizemba. Amati mapepala si utsogoleri. N'zoona. Amene anaba mabiliyoni a makwacha pa Cashgate mu 2013 sanali mbuli. Ankadziwa bwino makina a IFMIS olipirira ndalama za boma, ankadziwa kulowetsa malipiro abodza ndi kufufuta mapazi awo. Luso lopanda amaana ndi mpeni m'manja mwa wamisala. Tawaonanso anthu amene Ramadhan yathayi anali bambo wamba, pofika Eid ya nsembe akusaina kuti Dokotala, atagula ulemuwo ku sukulu imene ilipo pa intaneti pokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mankhwala a ndalama yachinyengo si kuleka kugwiritsa ntchito ndalama. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limatulutsa mndandanda wa sukulu ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo aliyense asanalipire tambala ayambe waona ngati sukuluyo ndi phunzirolo zilimo, chifukwa sukulu ikhoza kuvomerezedwa pamene phunziro lina la pomwepo silinavomerezedwe. Ndipo ngati vuto la dziko ndi anthu aluso opanda chikumbumtima, yankho lake ndi kutumiza kumeneko anthu amene anakula akudziwa kuti adzafunsidwa za chilichonse chimene anasungitsidwa. Kuwabisa kumudzi ndiko kusiyira afisi khola.

Tifike pa ndalama, pamene nkhani zambiri zabwino zimafera. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, limene linayamba mu 2015, maso ake ali pa osowa amene akuchita digiri yoyamba. Mabungwe athu, monga Islamic Zakaat Fund, aphunzitsa ana ambiri ku sekondale ndi ku koleji, ndipo Mulungu awalipire zabwino. Koma munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi nthawi zambiri salowa m'gulu la oyenera zakaat. Chimene chimamutsalira ndi ngongole ya kubanki yodulidwa pamalipiro, ya chiwongoladzanja, imene ife tomwe timamuuza pa Jumu'ah kuti ndi ribaa. Tamutsekera khomo limodzi osamutsegulira lina, kenako tikudabwa kuti wakhala pansi. Chisilamu chili ndi zida ziwiri zimene zikuchita dzimbiri m'manja mwathu: qardh hasan, ngongole yobweza monga momwe unatengera, ndi waqf, chuma choimikidwa kuti phindu lake lizitumikira anthu mpaka kalekale. Al-Qarawiyyin ya ku Fez, imene Fatima al-Fihri anamanga mu 859, inakhala zaka mazanamazana ikudya za waqf. Ife timatha kusonkha ndalama zomangira mzikiti wachitatu pamtunda woti adhaan ya woyamba imamveka bwinobwino, koma mashopu awiri a lendi oti azilipirira fizi ya anthu asanu pachaka akutikanika.

Thumba lotere likakhazikitsidwa, lisakhale la ana a makomiti. Loyamba kuthandizidwa likhale dzina la amene watumikira zaka zingapo kumalo ngati Chisenga, Makanjira kapena Katuli. Abweze ndalamazo pang'onopang'ono kuti wina adzatengenso, ndipo kafukufuku wake akhale wa vuto la kumene akugwira ntchito, kaya ndi kasungidwe ka mankhwala pamene magetsi kulibe, kaya ndi kalembera wa alimi kumene netiweki siifika. Anthu a ku Chitipa, amene amalankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chitumbuka ndi zinenero zina, ndiwo akumusunga mwana wathuyo, ndipo nzeru zimene wapeza ziyambe kuwapindulira iwowo.

Mwana wamkazi ndiye amakumana ndi khoma lalitali koposa. Namwino akatchula masitazi, azakhali amafunsa za banja, ndipo ngati ali kale pabanja, funso limakhala loti ana atsala ndi yani pamene iye ali ku Mzuzu sabata ziwiri. Funsoli ndi loona, koma lili ndi yankho, ndipo yankholo lili m'nyumba mwa ofunsawo. Agogo amene amatha kuchoka ku Malindi kupita ku Blantyre kukakhala mwezi wathunthu chifukwa cha chikuta, akhozanso kukwera basi ya ku Karonga kukasunga adzukulu nthawi ya mayeso. Mwamuna amene analonjeza pa nikaah kuti adzamusamalira, aike tchuthi chake m'sabata zomwezo.